Ndani Wang'aluka Lero?

Joni
12 Febuluwale 2023

Asisi Anne,

Muli bwanji kumeneko ku Bwacha? Amama ali bwanji, miyendo ija yasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti mvula ya kuno ndi yamatalala, yandiswera kale windo limodzi.

Ndabwerera ku pepala ndi bolopeni monga munanenera. Zimene zinachitika pa Khirisimasi sizinandichoke m'mutu. Ndinangoti, "Amama, muli bwanji?" basi ndinamva foni ikugwa pasimenti. Inu munati mawu anga akhwima, afanana ndi a malemu atate mpaka amama sangathe kuwamva osanjenjemera. Poyamba ndinakwiya, ndisaname. Kenako ndinadzijambula mawu ndekha pafoni, n'kumvetsera, ndipo ndinazimitsa ndisanafike pakati. Munanena zoona. Choncho ndizilemba. Ba Lazarous, mnansi wathu wakale uja woyendetsa thiraki, avomera kumanyamula makalata athu akamadutsa pa Kabwe.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali pa kampani kaja kopanga makatuni. Musaseke, asisi, si a ana ayi. Ndi a akuluakulu, nkhani zake n'zolemera, zina munthu sungaonere uku ukudya. Chaka chino andikweza pang'ono, sindikungojambula chabe. Ndidzakuuzani bwino zikapsa.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo musandifunse mafunso ambiri. Kodi hamala ya atate ikadalipo? Ndikunena yamtengo wautali ija, imene ankagogodera mawilo a sitima ku njanji kuti amve ngati wilo lili ndi mng'alu. Ngati ilipo, muikulunge m'saka muwapatse ba Lazarous pobwerera. Kuno ndafunafuna, sindinaipeze ina yolira chimodzimodzi.

Mundiuze nkhani za kwathu, ngakhale zazing'ono. Mango aja a kuseri anabereka?

Ndine mlongo wanu,
Chikomeni

Bwacha, Kabwe
5 Malichi 2023

Iwe Chiko,

Tili bwino kuno, tikudya chimanga chachiwisi mpaka nsagwada kuwawa. Miyendo ya amama ikutupabe, eni ake akuti ndi ukalamba chabe. Mango anabereka, tinadya, iwe unamanidwa. Ine ndikusokabe mayunifomu pakhonde. Tebulo lija la kukhitchini ndinalitulutsa, ndimadulirapo nsalu, mwendo wake waufupi uja ndinauikira kachidutswa ka njerwa.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri. Hamala ya atate! Iwe amene unakana kubwera pamaliro awo, amene unati ngakhale manda awo sudzawaona, lero ukufuna chikumbutso? Mwandi, anthu amakuladi. Sindikuweruza ine. Ngati mtima wako wayamba kufewa, ndi zako ndi Mulungu wako.

Koma ndikuuze mmene ndinaipezera. Inali pamwamba pa wadirobu ya amama, yokulungidwa m'chitenje chakale. Atate anamwalira zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, tsono ndinkayembekeza dzimbiri lokhalokha. Iwe, chitsulo chinali waliwali! Kani amama akhala akuipaka mafuta Loweruka lililonse monga atate ankalamulira, ine m'nyumba momwemo osadziwa. Nditawauza kuti Chikomeni akuifuna, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwauza eni ake?" Ndinaseka kuti nawonso aseke, koma sanaseke.

Sindikonda kukumbuka, koma poinyamula zinabwera zokha. Seventini awazi ikakwana, atate aweruka. Ngo! Ngo! Ngo! pageti. Kenako funso lawo lija, ndi mawu ofatsa ngati munthu wofunsa za umoyo: "Ndani wang'aluka lero?" Amama aimirira pakhomo ndi beseni la madzi otentha, ine ndikukukoka kulowa pansi pa tebulo, manja anga pamakutu ako. Iwe unali ndi mwayi, amama anakuthawitsira kwa amalume ku Petauke uli ndi zaka zisanu ndi zitatu. Basi, zinapita zimenezo.

Nkhani yabwino ndi iyi. Chichokereni hamala ija m'nyumba muno, amama asintha. Abwerera ku kwaya. Dzulo seventini awazi inawapeza atakhala pansi akusenda nshawa, akukangana ndi bana Bwalya, mnansi wathu wa kumpanda, za mtengo wa tomato. Atakhala pansi, Chiko! Ine chibadwire sindinawaonepo atakhala pansi nthawi imeneyo. Tsono kaya waitengera chiyani, zikomo. Usaibweze.

Ukadzakwezedwanso usaiwale kuti mlongo wako amavala nsapato saizi sikisi.

Anne

Bwacha, Kabwe
27 Ogasiti 2023

Chiko,

Ndikhulupirira uli bwino, ngakhale sindikudziwa, chifukwa chichokereni hamala ija sunalembe ndi chilembo chimodzi. Miyezi isanu! Ba Lazarous akadutsa ndimathamangira kumsewu ngati wamisala, iwo n'kungotambasula manja. Wadwala? Wakwatira mobisa? Lemba, iwe.

Kuno sikuli bwino, ndipo sindikudziwa poyambira kuti usandiyese wopenga.

Lachitatu la sabata yatha ija ndinali pamakina, amama akusankha nyemba pamphasa. Dzuwa linali lisanalowe, kunja kuli ngwee. Tinangomva pageti: ngo! ngo! ngo! Osati kugogoda kwa mlendo ayi. Kuja kwa pang'onopang'ono, kodikira kuti chitsulo chimalize kulira. Ndinayang'ana wotchi. Seventini awazi. Amama anadzuka, nyemba zonse mbwee pansi, n'kulowa kukhitchini. Potuluka anali ndi beseni m'manja. Ine ndinadzilimbitsa mtima, ndinapita kukatsegula. Panalibe munthu, fumbi lokha la Ogasiti likuzungulira mumsewu.

Ndinati mwina ndi oledzera. Koma Lachisanu zinachitikanso, ndipo ulendo uno panali mawu. Ndikulumbira, Chiko, ndinawamva ndi makutu angawa: "Ndani wang'aluka lero?" Anali kutali pang'ono, ngati akuchokera kumpanda kwa anthu ena.

Loweruka ndikuchokera kutauni kogula ulusi, ndili m'minibasi yodzaza, ndinawamvanso. Mawu a atate enieni, ndi kakupuma kawo kaja asanati "lero". Anachokera kumpando wakumbuyo. Anthu anaseka. Ine ndinatsika pasiteji yomwe si yanga, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, osatembenuka.

Amama abwerera kumene anali, mwina kupitirira. Kwaya asiya. Ikangokwana sikisitini awazi amasiya kuyankhula, amatenthetsa madzi, amaimirira pakhomo mpaka mdima, ndi miyendo yotupa ija. Nshima akudya yongolawa. Madiresi awo awiri ndawabweza kale m'chiuno. Tinaitana wansembe wina wa ku seminale ya Mpima, anapemphera, anawaza madzi pageti ndi m'zipinda zonse. Mawa lake kunagogodedwanso.

Dzulo amama anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kuti, "Akufuna hamala yawo. Tinapereka osapempha."

Ine sindikhulupirira za mizukwa, ukundidziwa. Koma mayi wathu akutha ndikuona. Ndinati usaibweze, manje ndikuti ibweze. Ipatse ba Lazarous ulendo uno omwe, ndakupempha.

Anne

Bwacha, Kabwe
8 Okutobala 2023

Chikomeni,

Moni ndikupatsa chifukwa amama anatiphunzitsa ulemu. Za umoyo wako sindifunsa, ndakuona uli bwino kwambiri. Kabwe yonse yakumva.

Mzukwa wathu ndaupeza. Lachinayi bana Bwalya anabwera kudzayesa diresi la ukwati wa mphwawo. Ndili ndi mapini pakamwa, ndikupinda mpendero, foni yawo inalira m'chikwama: ngo! ngo! ngo! "Ndani wang'aluka lero?" Pang'ono ndimeze pini. Iwo kuseka mpaka misozi. "Mayo! Bana telala, simumudziwa Kapitawo? Muli kumudzi kwanji? Katuni ya ku Joni iyi, yonse m'chizungu, koma apa pokha amalankhula chathu. Ndiye anthu apenga nayo!"

Anandionetsa. Chimunthu chachitali, chovala jekete la ku njanji, chopanda maso, makutu okha akuluakulu. M'manja hamala yathu. Khitchini yathu, Chiko, ndi tebulo la mwendo waufupi. Pansi pake tiana tiwiri. Pakhomo mkazi ndi beseni, nkhope yake yosalala kuyambira pamphuno mpaka pachibwano, wopanda pakamwa. Ndipo pamapeto, pamene amalemba mayina, dzina lako: mawu a Kapitawo, Chikomeni Daka.

Ukudziwa chimene chikuchitika kuno? Anthu akutumizirana pamafoni. Makondakitala akugogoda mabasi katatu asananyamuke. Anyamata a pamsika akaweruka seventini awazi amayenda ndi miyala m'manja, geti iliyonse yachitsulo ngo, ngo, ngo, n'kuthawa akuseka. Yathu ndiyo imalira bwino kuposa zonse mu laini muno, atate anaisankha okha. Sabata yatha munthu wina wa ku Kamushanga anabwera kuti ndimusokere jekete la Kapitawo, akuti akufuna kukavala ku phwando. Panthawiyo sindinamve chimene akunena. Amamukonda, iwe! Akuti ndi woopsa mokoma.

Ine ndinakwera pampando, ndinatsitsa hamala ija ndi manja anga, ndikuganiza kuti mlongo wanga akufuna kukhululukira bambo ake. Chitsiru ine. Munthu tinamuika m'manda, tinathira dothi, amama anayamba kukhala pansi. Iwe wakamufukula n'kumuika m'thumba la aliyense.

Dzulo ba Lazarous abwera ndi manyazi, akuti apeza kalata yako ya pa 10 Juni kuseri kwa mpando potsuka thiraki. Ndaiwerenga. "Asisi, mu Ogasiti kutuluka katuni ina, sindikuganiza kuti ingafike kumeneko, koma ikafika amama asaione." Mizere itatu. Ukanatha kundilembera uthenga pafoni, sunafune chifukwa unadziwa kuti ndikufunsa mafunso. Ndipo ikanafika nthawi yake ndikanatani? Ndikanatseka makutu a Bwacha yonse?

Za kuti amama asaione, wachedwa. Pamene bana Bwalya ankandionetsa, iwo anali ataima kumbuyo kwathu. Sanakuwe, sanagwe. Anangoloza mkazi uja ndi chala n'kufunsa kuti, "Uyu ndani?" Kenako anauza bana Bwalya kuti awabwereke foni, akufuna kuona yonse.

Ndakwiya, Chikomeni, ndakwiya kwambiri. Usandilembere zokongoletsa.

Anne

Joni
29 Okutobala 2023

Asisi,

Makalata anu awiri andipeza tsiku limodzi. Ndawawerenga nditaima, ndipo sindipempha kuti mundikhululukire msanga. Amama ali bwanji? Akudya?

Ndikuuzeni chabe mmene zinayambira. Chaka chatha tinali pamsonkhano, tikufuna munthu woipa wa nkhani yathu. Anzanga ankabweretsa zimphona, mfiti, zigawenga za mfuti. Ine ndinati zimenezo sizioopsa, woopsa ndi munthu amene amabwera kunyumba nthawi yake tsiku lililonse. Ndinagogoda tebulo katatu n'kufunsa funso lija. Bwana wathu anati, "Ameneyo ndiye. Ndipo mawu ake ukhala iweyo." Tinayesa mahamala asanu ndi limodzi, onse ankalira ngati a kalipentala. N'chifukwa chake ndinakupemphani.

Ndinali ndi cholinga, asisi. Ndinkati ndikamujambula, ndikamulankhula mpaka kutopa, atuluka mwa ine. Gawo lakhumi ndinalilemba ndekha: Kapitawo akugogoda wilo, sitima inyamuka, imupsinja. Ndinkafuna ndimuphe ndi dzanja langa, dziko lonse likuona. Koma magawo oyamba atatuluka anthu anamukonda, mabwana anasintha mathero. Sitima imadutsa, utsi umatha, iye ali chiimire. Akufuna magawo ena khumi chaka chamawa.

Ndipo sanatuluke mwa ine. Ndikamaliza kujambula mawu, pakhosi pamakhalabe pake mpaka madzulo. Tsiku lina ndinadzipeza kukhitchini kwanga ndikugogoda makapu ndi supuni, mmodzimmodzi, khutu ndili tcheru. Sindikudziwa kuti ndinayamba nthawi yanji. Ndimaopa, asisi.

Za mkazi wopanda pakamwa, sindinachite monyoza. Ndinajambula chimene ndimakumbuka. Zaka zonse zija sindinamvepo amama akuyankha kanthu. Ndinkawaona miyendo yokha ndili pansi pa tebulo, ataima duu, ndipo mumtima ndinkawakwiyira kuti bwanji sakunena kalikonse.

Ndinkafuna kubwera Disembala uno, patha zaka zisanu ndi zinayi. Sindibweranso. Munthu wa mawu awa alibe malo pageti imeneyo. Hamala ndidzawapatsa ba Lazarous, mukaitaye kumene mukufuna. Ntchito nayo ndikuganiza zoisiya.

Chikomeni

Bwacha
19 Novembala 2023

Mwana wanga Chikomeni,

Ndine mayi wako. Ndalemba ndekha, usadabwe ndi zilembo zokhota, magalasi anga anathyoka mwendo. Anne anandiwerengera kalata yako atakana kawiri. Iyi sindinamuonetse.

Ndili bwino. Ndayamba kudya. Mvula yagwa kawiri, ndabzala maungu kuseri kuti tizidya chibwabwa.

Zithunzi zako ndaziona zonse, magawo khumi, masiku atatu. Chizungu chake china chinandidutsa koma nkhani ndimaidziwa kale. Umajambula bwino, mwana wanga. Ngakhale beseni lija unakumbuka kuti linali lobenthuka mbali imodzi. Tsiku loyamba ndinasanza. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti munthu uja ndikhoza kumuimitsa ndi chala, n'kupita kukamwa madzi, iye ali chiimire kundidikira. Bana Bwalya anandionetsa podina. Ndinamuimitsa kambirimbiri.

Koma chinthu chimodzi walakwitsa. Pakamwa panga unaika kuti?

Mvera ndikuuze. Atate ako akafunsa funso lawo lija, likapanda yankho ankasankha okha. Tsiku lina anasankha Anne, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iwe usanabadwe. Anadwala sabata ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo funso silinagonepo lopanda yankho. Akangoti ndani, ine ndinkayankha m'chinsenga cha kwathu kuti, "Ni newo." Ndine. Tsiku lililonse, ndi mawu omveka, kuti asayang'ane pansi pa tebulo. Iwe funso unkalimva chifukwa linkachokera kugeti. Yankho sunkalimva, chifukwa pofika nthawi imeneyo mlongo wako anali atakutseka kale makutu.

Sindikukudzudzula. Unali mwana, unaona miyendo.

Tsono zoti subwera sindikuzimva. Mawu amenewo sunabe, unabadwa nawo, ndipo anatuluka m'mimba mwanga muno pamodzi ndi iwe. Hamala usawapatse a Lazarous. Ubwere nayo wekha. Ufike masana, udikire kwa bana Bwalya. Seventini awazi ikakwana uime pageti, ugogode katatu monga umadziwira, ufunse funso lija ndi mawu onse, osachepetsa. Ndili ndi yankho lina limene ndalisunga zaka zambiri. Mwini funso anafa ndisanamupatse, ndipo anyamata a miyalawa amathawa ndisanatsegule pakamwa. Ndikufuna wina amene aime n'kudikira.

Mwina ndidzalephera. Ndikalephera udzagogodanso mawa lake.

Ntchito usasiye chifukwa cha ine. Koma mkazi uja umupatse pakamwa.

Mayi wako,
Vainess

Bwacha, Kabwe
14 Januwale 2024

Iwe Chiko,

Ndikhulupirira unafika bwino ndipo nshawa zija sanakulande pamalire. Kuno mvula yadula, chimanga chayamba kupota masamba, koma chibwabwa cha amama chikuyanga mpaka kwa bana Bwalya.

Amama ali bwino, ndiyambe ndi zimenezo. Anyamata aja akugogodabe mwa apo ndi apo, ngakhale ayamba kutopa nazo. Akagogoda, amama amadzidzimuka, sindikunamiza, koma sadzuka. Lachiwiri anakuwa ali pamphasa kuti, "Palibe! Pitani kwanu!" Wina kunja anayankha kuti, "Pepani amama." Hamala anaitsamiritsa kuchitseko cha khola la nkhuku kuti mphepo isamatsegule. Mvula yaigwera kawiri, yayamba dzimbiri, ndipo Loweruka lapita osaiyang'ana.

Manje pali zimene sunaone tsiku lija unabwera ndi hamala, chifukwa iwe unali kunja kwa geti. Unandifunsa kawiri ndipo ndinakuzemba. Ndalonjeza mumtima kuti ndikuuza papepala.

Amama anatenthetsa madzi. Ndinawauza kuti asatero, anati manja achita okha. Anaima pakhomo ndi beseni. Utagogoda koyamba, madzi anayamba kugavira pa mapazi awo. Utafunsa funso, ndinaona milomo yawo ikupanga yankho lakale lija, "Ni ne..." linatuluka ndithu, theka. Analuma mlomo mpaka magazi. Nthawi imene iwe unkati yatalika ija, imene unaganiza kuti mwina sanamve, anali akulimbana ndi pakamwa pawo. Kenako anaika beseni pansi, anapukuta mlomo ndi chitenje, n'kuyenda. Zotsalazo unazimva wekha: "Pano palibe wang'aluka. Lowa, Chikomeni, wayenda ulendo wautali." Ndinakumva ukulira ngati mwana, hamala itagwa m'ngalande.

Unafunsa kuti asisi ali kuti. Patapita nthawi ndinatulukira, ndinati ndinali kuseri kwanula zovala. Linali bodza.

Zonse ndakuuzazi ndinaziona ndili pansi pa tebulo. Sindikudziwa kuti ndinalowamo bwanji. Mzimayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, mawondo kukhosi, pakati pa zidutswa za nsalu. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndiwe, ndinakuona ndi maso anga ukutsika basi masana omwewo. Koma nditayang'ana manja anga, anali patsogolo panga, motalikirana pang'ono, atagwira mutu wa mwana amene panalibe.

Iwe unali ndi manja anga pamakutu. Ine ndinalibe a munthu. Funso ndinkalimva, yankho ndinkalimva, ndi zonse zimene zinkabwera pambuyo pa yankho, mpaka tsiku limene atate anagwa ndi sitiroko. Palibe anandithawitsira ku Petauke, ndipo sindinadandaulepo, wina ankayenera kutsala ndi amama.

Masiku atatu amene unakhala kuno unkandiseka kuti ndine wa bize, makina osapuma ngakhale pa Nyuwere. Iwe ukucheza ndi amama pamphasa, ukuseka, ine ndikupalasa. Munalibe ulusi m'makina muja, Chiko. Ndinkangofuna phokoso.

Ndipo foni ija ya pa Khirisimasi ya chaka chija. Amama ananjenjemera, n'zoona. Koma foni inali m'manja mwanga. Ndine ndinaigwetsa, ndine ndinati uzilemba makalata.

Sindinakwiyenso nawe, usaganize choncho. Ndakondwa kuti unabwera, ndakondwa kuti mkazi uja mwamujambulira pakamwa, amama akuuza aliyense ku kwaya. Ndimakukonda, mlongo wanga, ndiwe mwana amene ndinalera pansi pa tebulo. Koma amama anali ndi yankho lawo losunga, ine ndafufuza mumtima sindinapeze langa. Mwina lidzabwera. Bana Bwalya akuti pali mayi wina kutauni amene ntchito yake ndi kumvetsera anthu a zoterezi, ndawauza kuti andiperekeze mwezi wamawa.

Amama tsopano ali ndi foni yawoyawo, nambala ndalemba kuseri kwa pepalali. Akuti uziwaimbira Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi, ndipo uzilankhula nthawi yaitali. Uziimba ndithu. Ine nthawi imeneyo ndizikhala ndili kumsika.

Koma ine uzindilembera. Ba Lazarous adutsanso pa 25, ndidzakhala ndikudikira kumsewu.

Mlongo wako,
Anne